Bwanji "el problema serio" osati "seria"?

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji aphunzitsi anu a Chisipanishi anakuchongerani kuti mwalakwa pa "la problema es seria" chikhalirecho anakuuzani okha kuti mawu othera ndi -a ndi achikazi, komanso bwanji amati "el agua fría", el wachimuna kukhala pamodzi ndi fría wachikazi. Mafunso awiriwa gwero lake ndi limodzi. Mfotokozi satsata lembo lomaliza la dzina, amatsata gulu lomwe dzinalo lili.

Ife olankhula Chichewa izi timachita tsiku lililonse osaganizira n'komwe. Timati mwana wamkulu, ana aakulu, nyumba yaikulu, chipewa chachikulu. Ndipo taonani galu: sayamba ndi mu-, koma timati galu wamkulu, agalu aakulu, chifukwa ali m'gulu limodzi ndi munthu. Problema ndi galu wa m'Chisipanishi, maonekedwe akunena zina, gulu likunena zina. Kusiyana n'kwakuti ife timasintha kumutu kwa liwu pomwe iwo amasintha kumapeto, ndipo magulu awo ndi awiri okha, achimuna ndi achikazi. Mayina a maguluwa asakusokonezeni, mesa ndi tebulo basi ngakhale ili ku chikazi.

Afotokozi othera ndi -o amasintha kanayi: niño alto, niña alta, niños altos, niñas altas. Othera ndi -e kapena konsonanti ambiri salabadira za chimuna ndi chikazi, amangosonyeza kuchuluka: casa grande, casas grandes, coche azul, coches azules. Feliz amasanduka felices chifukwa z imakhala c patsogolo pa e. Koma a mitundu ya anthu amatenga -a ngakhale atathera ndi konsonanti, español ndi española, alemán ndi alemana, inglés ndi inglesa, ndipo kachizindikiro ka pamwamba pa á ndi é kamachoka. Trabajador nayenso amakhala trabajadora, pomwe mejor, peor, mayor ndi menor sasintha kwa mkazi. Optimista ndi yemweyo kwa bambo ndi mayi.

Tsono problema. Liwuli linachokera ku Chigiriki pamodzi ndi sistema, tema, idioma, clima ndi programa, ndipo onsewa ali ku chimuna: el problema es serio, el clima es seco. Musangoti aliyense wothera ndi -ma ndi wachimuna ayi, cama, forma ndi firma ndi achikazi. Palinso día ndi mapa, achimuna, ndiye chifukwa chake moni wam'mawa ndi buenos días koma wausiku ndi buenas noches. Kumbali inayo kuli mano, dzanja, lomwe ndi lachikazi, la mano derecha. Foto ndi moto ndi zidule za fotografía ndi motocicleta, choncho zinasunga gulu la mawu athunthuwo: una foto bonita.

Agua nkhani yake ndi ina, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Liwuli ndi lachikazi ndithu. Chomwe chimachitika n'chakuti dzina lachikazi likayamba ndi a wotchulidwa mwamphamvu, la amasanduka el: el agua, el águila, el aula, el hambre, poti h satchulidwa. Kusinthaku kumathera pomwepo, mfotokozi sakhudzidwa, ndiye el agua fría, el aula pequeña. Zikachuluka la amabwerera, las aguas frías. Pakalowa liwu lina pakati amabwereranso, la misma agua. Mumvanso esta agua ndi tengo mucha hambre, osati mucho. Amiga satenga el chifukwa mphamvu ili pa mi, osati pa a woyambayo.

Afotokozi ena amafupika akatsogolera dzina lachimuna la chinthu chimodzi: un buen amigo, un mal día, el primer año, koma una buena amiga, la primera vez. Grande amafupika ku chimuna ndi ku chikazi komwe, bola chinthucho chikhale chimodzi, un gran hombre, una gran mujer, ndipo tanthauzo limasuntha. Un gran hombre ndi munthu wolemekezeka, un hombre grande ndi chimphona cha munthu. Mukafuna kuyamikira bambo wa mnzanu samalani malo oika liwuli.

Amuna ndi akazi akasakanikirana, mfotokozi amapita ku chimuna ngakhale mwamuna akhale mmodzi pakati pa akazi khumi: María y Juan están cansados. Pali achinyamata, makamaka ku Argentina, omwe amakana lamuloli n'kumanena todes m'malo mwa todos, koma Real Academia Española, bungwe la ku Madrid lomwe lakhala likuyang'anira chilankhulochi kuyambira 1713, silivomereza zimenezo. Ine ndingati pa mayeso lembani todos, mkanganowo mudzaulowa mukadziwa chilankhulo.

Musaiwale kuti mgwirizanowu umagwiranso mukamanena za inu mwini. Inuyo muziti estoy cansada, achimwene anu aziti estoy cansado. Koma persona ndi wachikazi nthawi zonse, kotero ngakhale ponena za bambo mudzati Pedro es una persona muy buena. Gente, ngakhale akutanthauza anthu ambiri, amatengedwa ngati chinthu chimodzi chachikazi: la gente es simpática.

M'kope mwanu musamalembe dzina lokha. Lembani ndi el kapena la wake, ndipo pa mayina onyenga aja onjezani mfotokozi wothera ndi -o kapena -a, osati grande yemwe sakuuzani kanthu: el día largo, el mapa nuevo, la mano izquierda, el agua limpia. Chiganizo chanu chija chikonzeni kuti el problema es serio, ndipo mavuto akachuluka, los problemas son serios.