Yankho kwa mayi amene mwana wawo akupita kukaphunzirira udokotala kumudzi

Amayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti mwana wanu wamkazi, amene akuphunzira udokotala ku University of Zimbabwe, achoke kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa ku Harare komwe kuli akatswiri ndi makina n'kukakhala pachipatala cha kumudzi, ndiponso ngati akakhale motetezeka. Ndinagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni ku Mashonaland Central ndisanabwere kuno ku Harare, ndipo ophunzira ambiri anadutsa m'manja mwathu. Ndikukupemphani kuti mumulole apite, ndipo mumulimbitse mtima.

Ku Parirenyatwa odwala ambiri amafika atadutsa kale pakiliniki ndi pachipatala cha m'boma lawo, kalata ili m'manja, ndipo wophunzira amangosuzumira kumbuyo kwa anzake pamene dokotala wamkulu akulankhula. Koma pazipatala monga Karanda kufupi ndi Mt Darwin, kapena Howard ku Chiweshe, mwana wotentha thupi amafika ali kumsana kwa amake, nthawi zina pangolo ya ng'ombe, ndipo palibe amene wanena kale chimene chikumuvuta. Mwana wanuyo adzatsitsa chikope kuti aone ngati magazi achepa, adzawerenga mpweya wa khandalo kwa mphindi yathunthu, adzabaya chala kuti ayeze malungo, kenako adzatsegula buku la EDLIZ, la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala m'Zimbabwe, kuti apeze mankhwala ndi mlingo wake. Adzamvetseranso mtima wa mwana wosabadwa ndi kachitoliro kogunditsa pamimba. Chovuta koposa, chimene mabuku sangamuphunzitse mokwanira, ndicho kuzindikira msanga wodwala amene ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu, poganiziranso kutalika kwa ulendo ndi kuipa kwa msewu nthawi ya dzinja.

Mumuuze kuti akalemekeze anamwino ndi azamba, pakuti kumeneko ndiwo aphunzitsi ake a tsiku ndi tsiku. Akakumbukirenso kuti akadali wophunzira. Kumene antchito ali ochepa anthu amafulumira kumuitana kuti "adokotala", ndipo mtima umafuna kuyesa chimene sanaphunzitsidwe. Asachite kalikonse kotere popanda womuyang'anira, ngakhale odwala atachuluka motani pamzere.

Za chitetezo, nkhawa yanu ndi yomveka. Alandire katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B asananyamuke, atenge neti ya udzudzu, tochi yabwino ndi nsapato zotseka, ndipo madzi akumwa aziwiritsa. Akadzibaya ndi singano yogwiritsa kale ntchito asachite manyazi kapena kudikira kuti kuche, koma anene nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri ngati mmodzi wa ife olankhula Chichewa kuno ku Zimbabwe. M'mafamu a ku Mazowe ndi m'migodi ya ku Shamva muli agogo ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ena a iwo, ululu ukakula, amafotokoza bwino m'Chinyanja chokha. Ndinaona nkhalamba imene inkangoyankha mwachidule m'Chishona ikumasuka itamva kuti "Agogo, pakupweteka ndi pati?", ndipo m'pamene inaulula kuti yakhala ikutsokomola magazi, ndipo titaiyeza tinapeza TB. Ngati mwana wanu Chichewa chake chinayamba kuzilala, muzilankhula naye pakhomo masiku atsalawa, makamaka mayina a ziwalo za thupi ndi mawu aulemu ofunsira akuluakulu za matenda a kumaliseche ndi za uchembere.

Mugwirizanenso tsiku loimbirana foni, popeza netiweki m'madera ena imavuta, kuti akakhala chete musamagone ndi nkhawa.