Mayi, si ulesi ayi, katundu wachuluka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene waphunzitsa pa yunivesite kwa zaka 8. Akuti tulo sitikubwera, Lamlungu likamapita kumadzulo mtima umayamba kugunda poganiza za Lolemba, ndipo wophunzira akagogoda pa ofesi yawo amangoipidwa, chonsecho ntchitoyi ankaikonda. Anamaliza ndi funso: "Kodi ndayamba ulesi, kapena ndinalakwitsa posankha ntchito?"

Mayi, munthu waulesi safika 1 koloko ya usiku ali pa tebulo, cholembera chofiira chili m'manja, mulu wa mapepala a mayeso usanafike ndi theka lomwe. Ine ndinadutsamo. Tsiku lina ndinaimika galimoto kuntchito n'kukhala momwemo, dzanja lili pa chitseko, miyendo ikukana kutsika. Ndiye imelo yanu ndaimva mpaka m'mafupa.

Zimene mukufotokozazi zili ndi dzina. Katswiri wa maganizo Herbert Freudenberger anazitcha burnout mu 1974, ndipo mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatchula zizindikiro zake zitatu: kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yako, ndi kuona kuti palibenso chimene ukuchita bwino. Bungweli silinaike vutoli m'gulu la matenda. Linati limabwera chifukwa cha kupanikizika kwa kuntchito kumene kwatenga nthawi osathetsedwa. Choncho gwero lake tilifufuze ku ntchitoko, osati mu khalidwe lanu.

Mphunzitsi wa pa yunivesite amasenza ntchito zitatu pa malipiro amodzi: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku, ndi za mu ofesi zosatha zija, misonkhano, malipoti, kuyang'anira ophunzira amene akulemba kafukufuku wawo. Chowawa n'chakuti pokweza munthu pa udindo amayang'ana kwambiri zimene wasindikiza, pamene tsiku lonse limathera m'kalasi ndi m'misonkhano. Kafukufukuyo ndiye amachitika usiku, Loweruka, ndi pa tchuthi. Anthu amene sali pa ntchitoyi amati muli pabwino poti palibe amene amakuwerengerani maola. Iwo sadziwa kuti ntchito yopanda nthawi yowerukira imakutsatira mpaka kuchipinda. Katswiri wofufuza za ntchito Robert Karasek anafotokoza mu 1979 kuti chimene chimapweteka wantchito kwambiri ndi kuchulukidwa ntchito kwinaku alibe mphamvu yosankha kagwiridwe kake. Kodi munafunsidwapo kuti kalasi lanu likhale ndi ophunzira angati?

Thupi nalo limalipira. Mu 2021, WHO ndi bungwe la zantchito la ILO anapeza kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40.

Ndiye mutani? Kwa masabata awiri, lembani ola lililonse limene mwagwira ntchito, osasiya ngakhale mauthenga a ophunzira a pa WhatsApp amene mumayankha mutagona kale. Tengani pepalalo kwa mkulu wa dipatimenti yanu ndipo mufunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: "Mwa zonsezi, ndisiye ziti semesita ino?" Musapite nokha ngati n'kotheka. Funsani anzanu awiri kapena atatu, mudzadabwa kuti nawonso akhala akungofera mumtima, ndipo pamene pali bungwe la ogwira ntchito, nkhaniyi ndi yake. Ophunzira auzeni maola amene mumapezeka, ndipo imelo ya usiku izidikira m'mawa.

Koma ngati kusowa tuloku kukupitirira, kapena mwatha masabata awiri muli wachisoni, osasangalala ndi chilichonse ngakhale kunyumba, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za kusiya ntchito, chonde musagamule panopa. Tengani kaye tchuthi chanu chonse, laputopu itsale mu ofesi, mugone mokwanira. Mukabwerako mundilembere, tidzaone limodzi ngati kugogoda kwa wophunzira uja kukukuipiranibe.