Tifunseni: Chofunda cha Zidutswa, Maluwa Okana Kumasula ndi Mabuku a M'dzinja

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza zidutswa za nsalu zotsala kwa atelala, choncho tazipatsa malo aakulu. Mafunso a maluwa ndi mabuku ali kumapeto.

Ndatolera thumba lodzaza ndi zidutswa za zitenje kwa telala wa m'dera lathu. Ndikufuna kusoka chofunda cha pabedi, koma sindikudziwa poyambira. Kodi zikwana?
*Mayi wa ku Ndirande*

Mayi, singano idikire kaye, ntchito yoyamba ili pamphasa ndi pabeseni. Khuthulani thumbalo musankhe zidutswa za thonje zokhazokha. Satini, nsalu zotamuka ngati za masikipa ndi zoterera za nayiloni ziikeni padera, chifukwa zikasokedwa pamodzi ndi thonje zimakokana ndipo msoko sugona. Zitenje zambiri za pamsika masiku ano n'zosakaniza ndi polyester, moti diso lokha limanama. Dulani kansonga, mukagwire ndi pulayala, mukayatse ndi machesi muli panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe polyester amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kakuda.

Zikatero chapani zonse musanadule. Thonje latsopano limabwerera likalawa madzi koyamba, ndipo zidutswa za nsalu zosiyana sizibwerera mofanana. Tizidutswa ting'onoting'ono tiikeni m'chovala cha pilo n'kumanga kukamwa kuti tisayoyoke ulusi. Zofiira ndi zabuluu wakuda muchape pazokha. Ngati mukukayika kuti chidutswa china chikutulukabe utoto, chinyowetseni, muikepo kansalu koyera, mudinde ndi simbi yotentha. Kansaluko kakatenga mtundu, chidutswacho chisalowe m'chofunda chokhala ndi zoyera.

Tsopano masamu. Dulani katoni yolimba ya masentimita 12 mbali zonse zinayi, ikhale chikombole chanu. Msoko udzadya sentimita imodzi mbali iliyonse, motero chigamba chilichonse chidzatsala cha masentimita 10. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali chimafuna zigamba 15 chopingasa ndi 20 chotsika, zonse pamodzi 300. Chitenje chathunthu cha mamita awiri, chotambalala pafupifupi masentimita 115, chimatulutsa zigamba 144 za muyeso umenewu. Ndiye mukufunika nsalu yoposa pang'ono zitenje ziwiri, koma poti zidutswa zimatayitsa m'mphepete, werengerani zitatu. Zikombole zikhale zitatu kapena zinayi, chifukwa pensulo imadya m'mphepete mwa katoni pang'onopang'ono, ndipo zigamba zomaliza zimatuluka zazing'ono inu osadziwa.

Mabuku a kunja amanena msoko wa kota ya inchi, womwe ndi mamilimita 6. Umenewonso ndi wabwino. Chachikulu n'chakuti muyeso umene mwayamba nawo musausinthe mpaka kumapeto. Msoko ukalowa mkati ndi mamilimita awiri okha, wadya anayi, chifukwa ukudya nsalu ziwiri. Mzere wa zigamba 15 uli ndi misoko 14, ndiye mzere wonsewo ufupika ndi masentimita pafupifupi 6, ndipo sungakumanenso ndi unzake. Matani katepi pamakina, sentimita imodzi kuchokera pomwe singano imalowa, ndipo m'mphepete mwa nsalu muzitsata katepiko.

Musanasoke, yalani zigamba zonse pansi, chowala kenako chakuda, chowala kenako chakuda. Zitenje zimakhala ndi maluwa aakulu ndi mitundu yolimba, moti zikaunjikana popanda popumira diso chofunda chimaoneka chosokonezeka. Nsalu yopanda maluwa, yoyera kapena yamtundu umodzi, ikalowa apa ndi apo imathandiza kwambiri. Jambulani ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera, mudzaona pomwe zakuda zachulukana.

Ife sitilimbikitsa kusoka mizere italiitali ya zigamba 15, chifukwa zolakwa zimaunjikana. Sokani mabuloko a zigamba zisanu chopingasa ndi zisanu chotsika. Atuluka mabuloko 12, atatu m'lifupi, anayi m'litali. Posita, misoko ya mzere woyamba igonekeni kumanja, ya wachiwiri kumanzere, motero mosinthana. Mukamalumikiza mizereyo misoko imagundana n'kukhomana yokha, mudzaimva ndi chala, ndipo ngodya zinayi zimakumana pamalo amodzi popanda chotupa.

Ndine telala. Ndinasoka zofunda ziwiri za zigamba, koma m'mphepete mukuchita mafunde, ndipo kasitomala atachapa chimodzi, zamkati zinaunjikana kumodzi. Ndikulakwitsa pati?
*Bambo wa ku Mchinji*

Bambo, apa pali matenda awiri osiyana. Mafunde amayamba podula. Nsalu ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa. Kokani chidutswa motsata ulusiwo, sichitamuka kwenikweni, koma chikokeni chamngodya muone mmene chikutalikira. Pofuna kupulumutsa nsalu, anthu ambiri amapendeketsa chikombole kuti chikwane pachidutswa, ndipo chigamba chotero chikagwera m'mphepete chimatamuka pamakina. Chikombole chizigona motsata ulusi nthawi zonse. Simbi nayo imawononga ikamakhululizidwa uku ndi uku ngati mukusita thalauza. Pa zigamba timadinda, kunyamula, kudindanso.

Ngati mukuika nsalu yozungulira m'mbali, musayeze m'mphepete mwa chofunda chifukwa ndi momwe mwatamuka kale. Yezani kudutsa pakati, mudule nsalu ya m'mbaliyo pa muyeso umenewo, mubaye mapini kumapeto konse ndi pakati, kenako mukakamize m'mphepete kuti mulowe m'muyesowo.

Zounjikanazo n'chifukwa choti magawo atatu a chofunda (nsalu ya zigamba, yamkati ndi ya kunsi) sanagwirane mokwanira, kapena munaika zamkati zosayenera. Thonje lomwazika ndi tizidutswa ta siponji sizipirira kuchapa. Bulangete lakale lopyapyala, lochapidwa bwino, ndilo labwino, ndipo kumadera otentha monga kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire shiti imodzi ya flannel ya pakaunjika ikwanira. Nsalu ya kunsi ndi yamkati zikhale zazikulu kuposa yapamwamba ndi masentimita 10 mbali iliyonse. Yalani ya kunsi pansi posalala, nkhope yake itayang'ana pansi, muimate ndi tepi m'ngodya kuti iwongoke popanda kuikoka. Pamwamba pake yamkati, kenako ya zigamba. Gwirizitsani ndi ulusi wa misoko italiitali kuyambira pakati kupita kunja, mizere yotalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Posoka zenizeni muyambirenso pakati. Makina opalasa ndi mwendo amakoka nsalu ya pansi mofulumira kuposa ya pamwamba, n'chifukwa chake pamachita timakwinya. Masulani pang'ono sikuluwu yopanikiza phazi la makina, talikitsani msoko ufike mamilimita atatu, ikani singano ya nambala 14 kapena 16, ndipo chofunda chisalendewere patebulo chifukwa kulemera kwake kumakoka msoko. Njira ina yosavuta ndi yomanga mfundo. Pa ngodya iliyonse pomwe zigamba zinayi zakumana, lowetsani ulusi wokhuthala wolukira madoilo, muutulutse pafupi pomwepo, mumange mfundo ziwiri, mudule kusiya masentimita awiri. Ndi zigamba za masentimita 10, mfundozo zimatalikirana bwino moti zamkati sizingasunthe.

Mpendero dulani timizere ta masentimita 6, mutilumikize tifike mamita 7 ndi masentimita 30 apadera okhotera m'ngodya, mupinde pakati kuti ukhale wa magawo awiri. M'mphepete ndi momwe chofunda chimayambira kutha.

Nanga timizere toonda ngati zala, tomwe sitingatuluke chigamba, n'taye?
*Mtsikana wophunzira zosoka, Mzuzu*

Musataye, achemwali. Dulani pepala la masentimita 20 mbali zonse. Gonekani kamzere kamodzi chamngodya pakati pa pepalalo, nkhope kumwamba. Ikani kachiwiri pamwamba pake nkhope pansi, musoke m'mphepete limodzi ndi pepala lomwe, mutembenuze, mudinde ndi simbi. Pitirizani mbali zonse ziwiri mpaka pepala litabisika, kenako mudule zotuluka potsata pepalalo. Msoko ukhale waufupi, milimita imodzi ndi theka, kuti pepala libooke pafupipafupi n'kung'ambika mosavuta pochotsa. Inki ya nyuzipepala imadetsa nsalu zowala, ndiye mapepala a makope akale ndiwo abwinopo. Mabuloko anayi otere mukawatembenuza kuti timizere tizungulire pakati, amapanga chithunzi cha diamondi chokwana chovala cha khushoni.

Luso limeneli si la osowa chochita. Amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, ankasoka zofunda ndi zovala zakutha zogwirira ntchito kumunda, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinapachikidwa ku Museum of Fine Arts mu mzinda wa Houston. Chenjezo limodzi: ngati mukusoka zogwirira mapoto, kunja ndi mkati mukhale thonje lokhalokha, poti polyester amasungunukira pachala.

Bougainvillea wanga ndimamuthirira tsiku lililonse ndipo ndinamuthira Urea, koma akungochita masamba. Marozi nawo masamba ake achita madontho akuda n'kuyoyoka.
*Agogo a ku Zomba*

Agogo, bougainvillea mwamulera mopitirira. Ndi chomera chochokera ku South America, ndipo chimamasula chikamva ludzu, n'chifukwa chake chimawala kwambiri m'chilimwe pamipanda yomwe palibe amene amaithirira. Urea ndi nayitrojeni yekhayekha, ntchito yake ndi masamba. Lekani feteleza, muzithirira pokhapokha nthaka ikauma mpaka kuya kwa chala chonse, ndipo onetsetsani kuti akuwombedwa ndi dzuwa maola asanu ndi limodzi patsiku. Akakhala pansi pa mtengo wa mango, ngakhale mutatani samasula.

Madontho a pamarozi ndi matenda a fangasi omwe amafala masamba akakhala onyowa nthawi yaitali, ndipo chinyezi cha ku Zomba chimawakomera. Thotholani masamba odwala, mutole ndi ogwa pansi omwe, muwotche, asapite kudzenje la manyowa. Muzithirira patsinde m'mawa, madzi asakhudze masamba. M'mwezi wa Julayi dulirani: siyani nthambi zolimba zitatu mpaka zisanu zofika m'bondo, muchotse zouma ndi zopingasana pakati kuti mphepo izidutsa. Dulani mopendeketsa, theka la sentimita pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Mukatero thirani ndowa imodzi ya manyowa owolerana pa tsinde lililonse n'kuphimbira ndi udzu, koma udzuwo utalikire tsinde ndi chikhatho chimodzi kuopa chiswe.

Mwa nthambi zomwe mwadulazo, sankhani zonenepa ngati pensulo, muzidule masentimita 20, muzizike theka lake mumchenga wa kumtsinje pamthunzi, muvindikire ndi botolo lapulasitiki lodula kunsi. Zambiri zimagwira mizu pakatha milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu. Musamazizule kuti muone.

Ndimakonda kuwerenga, koma dzinja lililonse mabuku anga amachita nkhungu ndi fungo. Ena ndinaumitsiramo maluwa ndipo masamba ake athimbirira.
*Mphunzitsi wa ku Nkhata Bay*

Aphunzitsi, maluwa aawisi ali ndi madzi ambiri, ndipo madziwo ndi amene alowa m'mapepala. Poumitsa maluwa aikeni pakati pa nyuzipepala zingapo, matabwa awiri kunsi ndi kumwamba, njerwa pamwamba pake, muzisintha mapepalawo pakapita masiku awiri kapena atatu. Milungu iwiri kapena itatu akhala atauma. Bougainvillea ndi cosmos amauma bwino chifukwa ndi opyapyala, pomwe rozi lathunthu limangowola.

Shelefu ichoke pakhoma ndi masentimita 10, ndipo thabwa lake lapansi likwere masentimita 15 kuchokera pasimenti, kuti muziona njira za chiswe zisanafike pamabuku. Mabuku asatsekeredwe m'majumbo kapena m'katoni yokhala pansi. Lomwe lachita kale nkhungu litulutseni panja tsiku lopanda mvula, muliimike lotsegula pamthunzi podutsa mphepo, nkhunguyo ikauma muisese ndi burashi yofewa mutaphimba mphuno. Dzuwa lachindunji limapinda chikuto n'kuumitsa guluu wa kumsana.

Mabuku obwereka ku National Library Service, kapena anu omwe amayenda m'chikwama tsiku ndi tsiku, asokereni chovala ndi zidutswa zomwe takambazi. Tsegulani buku, muyeze kuchokera m'mphepete mwa chikuto chakutsogolo kudutsa kumsana mpaka chakumbuyo, muwonjezere masentimita 16 a timatumba tiwiri tolowetsamo zikuto. Kutalika kwake muwonjezere masentimita atatu a mpendero ndi mpata woti buku lizitsekeka. Misoko ya zigamba ibisike ndi kansalu kopyapyala mkati kuti isadinde chikuto, ndipo nsalu zonse zikhale zochapa kale ndi zouma gwa musanalowetsemo buku.