Pitani ku hackathon, asisi, ngakhale khodi simuidziwa

Asisi, mwafunsa kuti poti ntchito yanu ndi ma logo, ma poster ndi makadi aukwati, ndipo khodi (malangizo omwe timalembera kompyuta popanga pulogalamu) simudziwa ngakhale mzere umodzi, kodi ku hackathon, mpikisano womwe matimu amapanga mapulogalamu a pa foni kapena kompyuta m'masiku ochepa, mukapindulako chiyani, kapena mukangokhala wokonzera anyamata tiyi. Ine ndikuti pitani.

Ineyo ndimalemba khodi, choncho matenda athu ndimawadziwa. Tikakhala okhaokha patebulo timapanga chinthu chogwira ntchito koma chosagwirika ndi munthu wamba. Ulendo wina kuno ku Blantyre, timu yathu inapanga pulogalamu yoti amayi a banki mkhonde azilemberamo masheya ndi ngongole. Tinachezera usiku uwiri, kugona kwake pampando, ndipo mkati zonse zinkayenda bwinobwino. Pa nthawi yoonetsa tinapatsidwa mphindi zisanu zokha. Mmodzi mwa oweruza, mayi wachikulire ndithu, anatenga foni n'kufunsa kuti adine pati kuti alembe sheya ya sabata ino. Batani lake linali kachinthu kotuwa pakona pansi, mawu ake Chingerezi. Anasakasaka, kenaka anangotibwezera foniyo mwaulemu. Manyazi ake ndimawamvabe.

Omwe anapambana anali ndi mtsikana wojambula ngati inuyo. Tsiku loyamba m'mawa ife tikulimbana ndi makompyuta, iye anakwera minibasi kupita kumsika wa Limbe ndi mapepala ojambulapo ndi pensulo, n'kumafunsa ogulitsa tomato kuti aloze pomwe angadine. Anabwerako atafafaniza theka la zomwe anzake ankafuna kupanga. Khodi yawo inali yochepa kuposa yathu, koma oweruza anaimvetsa pa miniti yoyamba.

Komanso kwathu kuno ntchito ya wojambula ndi yolemera kuposa mmene anthu amaganizira. Ambiri omwe timawapangira zinthuzi ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo anazolowera *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba. Kusanja kuti pa 1 pakhale chiyani, pa 2 pakhale chiyani, munthu asasochere nthawi isanamuthere, imeneyo ndi ntchito yanu. Mawu athu ndi ataliatali: pomwe Chingerezi chaika zilembo zinayi, "Send", ife tilemba "Tumizani", batani n'kusefukira. Foni ikuwerengedwa padzuwa la Okutobala pamsika, ndiye mitundu yofuwira sioneka. Zithunzi zolemera zimadya bandulo, munthu n'kufufuta pulogalamu tsiku lomwelo. Ife a khodi zimenezi timazikumbukira zinthu zitaonongeka kale.

Musanapite, phunzirani Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a mapulogalamu. Ili ndi gawo laulere, ndipo ngati mumatha Photoshop kapena CorelDRAW, sabata ziwiri zikukwanirani kuti muzilumikiza masamba a pulogalamu, munthu akadina apa zizimutengera apo ngati pulogalamu yeniyeni. Nthawi zambiri chimenechi ndi chomwe chimapulumutsa timu khodi ikakana pa mphindi yomaliza. Ma slide oonetsera nawonso akhale m'manja mwanu, osawasiyira mnyamata amene sanagone.

Kokazipeza? Muziona zolengeza za ku MUBAS, Poly yakale ija pa Chichiri, ndi za mHub, malo a zaukadaulo wa makompyuta a ku Lilongwe omwe anayambitsa a Rachel Sibande. Palinso NASA Space Apps Challenge, yomwe inayamba mu 2012 ndipo masiku ano imachitika mu Okutobala. Iyo imaitana ojambula ndi olemba nkhani poyera, ndipo mungalowe muli kwanu pa intaneti.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Mapulogalamu ambiri a ku hackathon amafera pompo, Lolemba likafika aliyense ali ku zake. Mphoto musaidalire, mwina ikhala t-shirt ndi satifiketi. Chomwe mumachoka nacho ndi ntchito yoonetsa pofunsira ganyu, komanso nambala za anthu atatu anayi omwe akuonani mukugwira ntchito mutapanikizika. Makasitomala anga awiri oyamba ndinawapeza chomwecho.

Werengani malamulo musanasaine, chifukwa okonza ena amalemba kuti chilichonse chopangidwa kumeneko ndi chawo. Za kagawidwe ka mphoto mugwirizane tsiku loyamba lomwelo, aliyense akadali kuseka, ndipo gawo lanu lifanane ndi la a khodi. Wina akati "inu mwangokongoletsa", muuzeni akaonetse yekha popanda masamba anu.

Munyamule extension yanu, power bank ndi juzi, usiku wa kuno umazizira. Ikalengezedwa ina, mulembe pagulu pano; timu yathu mpaka lero ilibe wojambula.