Paipi ya mafuta a chiwongolero ikudontha: kodi ndingaikonze ndekha pakhomo?

Funso: Amisiri, ndili ndi Toyota Corolla ya mtundu wa AE110 kuno ku Dedza. Kwa mwezi wathunthu tsopano, m'mawa uliwonse ndimapeza mafuta ofiira atadonthera pansi cha kutsogolo, ndipo ndikakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto poimika galimoto, kumamveka kulira m'boneti. Ndinaona paipi ina itanyowa, ndipo ndinaikulunga ndi malegeni n'kumangapo waya, koma patangotha masiku awiri yayambiranso. Kodi ndingaikonze ndekha, kapena ndingogula mankhwala othira m'kathanki aja amati amaletsa kudontha?

Yankho: Bambo, malegeniwo muwachotse lero lomwe, ndipo ndalama ya mankhwalayo muisunge. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vuto lanu lili pa paipi yonyamula mafuta a mphamvu kwambiri kuchokera ku pampu kupita ku raki, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo, ndipo malo amene paipiyi imakonda kugonjera ndi pomwe labala wake anafinyidwira m'chitsulo ndi makina. Mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, mphamvu ya mafuta m'paipi imeneyi imafika pafupifupi 70 bar, pamene tayala la galimoto yanu limapopedwa mpweya wongopitirira pang'ono 2 bar. Mphamvu yotereyi singatsekedwe ndi malegeni, tepi, guluu kapena kalampu, ndipo zimandipweteka kuona galimoto yabwino ikubwera kugalaja itakulungidwa ngati njinga ya makala, mwini wake atatha kale malita angapo a mafuta pongowonjezera. Mankhwala othira m'kathanki amangofufumitsa timalabala ta m'kati mwa raki ndi pampu, koma paipi yong'ambika saithandiza. Kulira kumene mukumvako ndi pampu imene ikukoka mpweya chifukwa mafuta achepa, ndipo mukapitiriza kuyenda chonchi mudzagula pampu pamwamba pa paipi.

Komabe musagule kanthu musanachite chinthu chimodzi chimene ine sindichidumpha ngakhale nditatsimikiza chotani. Mafuta amanama. Amatuluka pamwamba, n'kutsetsereka motsatira paipi, mphepo ya pamsewu n'kuwakankhira kumbuyo, fumbi n'kuwaphimba, kotero kuti pamene akudonthera pansi kawirikawiri si pamene akutulukira. Choncho injini ikazizira, tsukani pampu, kathanki, mapaipi onse ndi raki pogwiritsa ntchito parafini ndi kaburashi, kenaka mupukute ndi nsanza mpaka zonse ziume gwa, ndipo mudikire kuti fungo la parafini lithe musanalize injini. Zikauma, tengani paudala wa ana, kapena ufa woyera wa m'khitchini ngati paudala palibe, muwaze pang'onopang'ono pa mfundo iliyonse: pomwe labala wakumana ndi chitsulo mbali zonse ziwiri, pa bawuti ya pa pampu, pa manati a pa raki, ndi pa makalampu a pansi pa kathanki. Dzazani mafuta kufika pa mzere, lizani injini, ndipo wina akhale m'galimoto kuti akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, agwire masekondi osapitirira 5, kenaka abwezere mbali inayo. Inu muime ndi tochi, manja ndi malaya zili kutali ndi lamba. Pa ufa woyerawo mudzaona kadontho kofiira kakutuluka n'kuyamba kufalikira ngati inki pa pepala, ndipo pamene payambira kufiira ndi pamene pali vuto, osati pamene pafiira kwambiri pakatha mphindi 10. Ngati malo ake ndi obisika, lowetsani chidutswa cha katoni m'malo mwa dzanja, chifukwa mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu imeneyi amatha kuboola khungu n'kulowa m'mnofu, ndipo bala lotero ndi la kuchipatala msangamsanga ngakhale likuoneka laling'ono. Ndaonapo anthu atasintha raki yonse pamene vuto linali washala wa mkuwa, chifukwa choti anaona ulesi kutsuka.

Ufa ukaloza kwina, nkhani yake ndi yaifupi. Ngati ndi paipi yobwezera mafuta ku kathanki, imeneyo ilibe mphamvu yambiri, ndipo mukhoza kudula nsonga yolimbayo n'kuikapo kalampu yatsopano, kapena kusintha paipi yonse ndi ina yopangidwira mafuta a mtundu umenewu, osati paipi ya madzi. Ngati mafuta adzaza m'malabala opindikapindika a kumapeto kwa raki, ndiye kuti raki yatha m'kati ndipo imeneyo si ntchito ya pakhomo.

Tibwerere ku paipi ya mphamvu ija. Paipi imeneyi siikonzedwa, imasinthidwa. Njira zabwino ndi ziwiri: kugula yatsopano ya mtundu wodziwika, kapena kuichotsa n'kupita nayo kwa amene amapanga mapaipi a mathirakitala ndi makina okumbira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kuti asunge zitsulo zanu zakumapeto n'kufinyirapo labala watsopano wopirira mphamvu ndi kutentha. Za mapaipi otchipa opanda dzina sindifuna n'kumva komwe, chifukwa ena amayamba kutuluka thukuta pa mfundo mvula isanathe, ndipo mumagwira ntchito imodzi kawiri. Yochotsa pa galimoto ina yakufa nayonso ndi labala wa msinkhu womwewo ndi amene wakukanikaniyu.

Pochotsa, yambani mwapopa mafuta a m'kathanki ndi sirinji, muike beseni pansi, ndipo muphimbe lamba komanso alternator, imene imatchaja batire, kuti mafuta asagwerepo. Nati ya pa raki imafuna sipanala yogwira mbali zambiri, yokhala ndi kampata kolowetsera paipi. Mukaigwira ndi sipanala wamba kapena pulayazi mudzaikulungiza, ndipo kuichotsa pamenepo ndi tsiku lathunthu. Ngati ku pampu kuli bawuti yobooka pakati, imene amakaniko amaitcha banjo, mawashala ake a mkuwa akhale atsopano, chifukwa akale anaphwanyika kale ndipo sagwiranso kachiwiri. Pobwezera, yambani kumanga nati iliyonse ndi zala mpaka mazinga atagwirana bwino musanagwiritse sipanala, popeza pamene ikulowera pakawonongeka mwaononga raki. Timabulaketi tonse togwira paipi tibwerere m'malo mwake, kuti isakhuzane ndi chitsulo kapena kuyandikira ekizozi, pakuti mafuta amenewa akagwera pa chitsulo chotentha amayaka.

Funso: Nanga mafuta ndithire ati? Mnzanga akuti mafuta a mabuleki amagwiranso ntchito.

Yankho: Mnzanuyo musamulole kuyandikira boneti yanu. Mafuta a mabuleki amaononga timalabala tonse ta m'pampu ndi m'raki, ndipo kudontha kwa malo amodzi kumasanduka kwa paliponse. Corolla yanu imafuna mafuta a giyabokosi ya otomatiki, otchedwa ATF, a mtundu wa Dexron II kapena III, monga zalembedwera pa chivindikiro cha kathanki. A Honda okha asatengere zimenezi, chifukwa galimoto zawo zimafuna mafuta akeake. Mukathira, kwezani matayala akutsogolo ndi jeke, galimoto ikhale pa zochirikiza zolimba, ndipo injini ili chozima mukhotetse chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku maulendo pafupifupi 20, mukuwonjezera mafuta akamatsika. Kenaka lizani injini kwa kanthawi n'kuyang'ana m'kathanki. Mukaona thovu ndiye kuti mpweya udakalimo, choncho zimitsani, mudikire kuti thovulo lithe, ndipo mubwereze mpaka pampu itasiya kulira. Pomaliza tsukaninso mfundo zonse, muwazenso ufa uja, muyende ulendo waufupi wokhala ndi makona, ndipo mawa lake m'mawa muyang'ane ngati ufawo udakali woyera komanso ngati mafuta adakali pa mzere.