Yankho la mwambi wa dzino loguluka

Achemwali, mwafunsa za mwambi umene mwana wanu wabwera nawo kuchokera kusukulu: "Ndili ndi malembo 3, ndimachitika m'mawa pamphasa. Onjezani lembo limodzi kumayambiriro, ndili ndi mlaza m'manja. Onjezani lina, ndili m'mwamba ngati khwangwala. Onjezani lina, ndine dzino la mwana wa sitandade 1." Yankho ndi uka, luka, uluka, guluka.

Ine miyambi yotere sindiyambira pa kamawu kakafupi kaja, chifukwa mawu a malembo atatu ndi ambirimbiri, mungagone pomwepo. Ndimayambira kumapeto. Dzino la mwana limatani? Limagwedera, kenako limaguluka. Mukapeza "guluka", chotsani lembo limodzilimodzi kumayambiriro ngati mukusenda nthochi, muone ngati chotsalacho chikugwirizana ndi zomwe mwambi wanena. Zikakana pa sitepe imodzi yokha, mawu anuwo ndi olakwika, funani ena.

Koma chenjerani, Chichewa chimapusitsa. Ena amatenga "gona" n'kupanga "agona", kenako "sagona", basi ati apambana. Kumeneko ndi kubera, chifukwa pafupifupi mneni aliyense amalola zimenezo. Mwambi wabwino umafuna kuti tanthauzo lisinthiretu, monga umba, kumba, khumba, nkhumba, ngakhale apo "h" walowa pakati. Umene timakangana nawo kwathu mpaka lero ndi ona, gona, ng'ona. Pa pepala ukuoneka ngati wangowonjezera "n", koma tchulani mokweza mumve: "g" wa mu gona wasowa, chifukwa ng' ndi liwu limodzi palokha. Mlamu wanga amaukana, ine ndimaulola. Winanso ndi ima, sima, nsima, umene umayenda pokhapokha pagulupo pali munthu wa ku Rumphi kapena ku Mzimba wovomereza kuti sima ndi mawu.

Tsono za kusakaniza malembo zija mwafunsanso. Apa Chichewa chimatikomera mtima. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye musataye nthawi kuyesa mawu othera ndi "k" kapena "l". Yambani ndi kusinthanitsa malembo opanda liwu, enawo akhale pomwe ali: tola asanduka lota, sala asanduka lasa, mata asanduka tama, kula asanduka luka. Zikakanika, sinthaninso enawo: leka asanduka kale.

Mukaona "m" ndi "b", kapena "n" ndi "d", agwireni pamodzi ngati mapasa, amakonda kuyendera limodzi. Dulani timapepala, lembani "mb" pa kamodzi, "l" pa kena, "a" ndi "e" paokha, muziike pa tebulo mwana azisuntha ndi chala. Posachedwa aona yekha kuti lemba ndi mbale ndi malembo omwewo. Chimodzimodzi limba ndi mbali, lamba ndi mbala. Wanga atapeza za lamba ndi mbala anaseka mpaka kugwetsa kapu ya tiyi, ati ndiye chifukwa chake wakuba amakwapulidwa.

Mupatseniko uwu madzulo ano mukamaphika: ndili ndi malembo 4, ndimachitika ndi mawu kutchalitchi. Onjezani lembo limodzi kumayambiriro, ndine chitsulo chosapindika. Yankho musalilembe pano msanga, ena avutikeko kaye.