Yankho kwa achemwali ofunsa za kimono zopachikidwa m'myuziyamu

Achemwali, mwafunsa kuti zikutheka bwanji chovala cha ku Japan chotchedwa kimono kupachikidwa m'myuziyamu ngati chojambula, pomwe ndi nsalu yoti munthu avale basi. Poti mwanena kuti ndinu telala, tiyambire pa kadulidwe, kumene ndi kwanu.

Kimono imatuluka mu mpukutu umodzi wa nsalu yopapatiza, masentimita osafika 40 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 12 m'litali. Zidutswa zake n'zowongoka, palibe zokhotetsa m'khwapa kapena m'chiuno. Mukaitambasula, kumsana konse kumakhala malo amodzi aakulu oti wojambula achitepo zake. Pa kimono zapamwamba amayamba alumikiza zidutswazo ndi ulusi wongogwirizira, n'kujambulapo, n'kumasulanso, kenaka chidutswa chilichonse amachipaka utoto pachokha. Posoka komaliza, nthambi yomwe yachokera paphewa iyenera kuwoloka msoko n'kukakumana ndi inzake ndendende. Inu mukudziwa thukuta lake lokumanitsa maluwa a chitenje pamsoko wakumbuyo. Apa si maluwa obwerezabwereza ayi, ndi chithunzi chimodzi kuyambira m'khosi mpaka kumapazi.

Njira yomwe ine imandigwira mtima kwambiri ndi ya yuzen, yomwe inatenga dzina kwa Miyazaki Yuzensai, wojambula pa zokupizira mphepo ku Kyoto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Mmisiri amathira phala lomata la mpunga m'kathumba kosongoka ka pepala, n'kumafinya pang'onopang'ono akutsata mzere wa chojambula. Phalalo limatuluka lopyapyala ngati ulusi. Likauma, amapaka utoto ndi kaburashi mkati mwa malirewo, ndipo utoto sungadumphire mbali ina chifukwa phala latchinga. Nsaluyo amaiika pa nthunzi kuti utoto ugwire, kenaka n'kuitsuka. Phala likachoka, pamatsala kamzere koyera kozungulira tsamba lililonse ndi nthenga iliyonse ya mbalame. Kale ankatsukira mumtsinje wa Kamo ku Kyoto komweko, nsalu zitalizitali zikuyandama m'madzi. Ku Kanazawa, komwe ali ndi yuzen yawoyawo, amachita kujambula dala tsamba lobooledwa ndi mbozi. Munthu wongofuna kukongoletsa chovala sangaikepo tsamba lowonongeka. Ameneyo ndi munthu amene wakhala pansi n'kuliyang'anitsitsa tsambalo.

Chomwe chinathandiza kuti yuzen itchuke ndi lamulo. Amalonda a m'mizinda atalemera, akazi awo anayamba kuvala moposa mabanja a asamurai (asilikali olemekezeka a nthawiyo), ndipo mu 1683 boma la a Tokugawa linaletsa zovala zopeta ndi golide komanso za kanoko shibori (zomangidwa timfundo n'kunyikidwa mu utoto). Amisiri sanakhale manja lende, anatembenukira ku utoto ndi burashi.

Kanoko imeneyi musaiyese yamasewera. Munthu amatsina kansonga ka silika ndi zala, n'kukulungapo ulusi kangapo, n'kumanga, n'kupita pa kena. Chovala chodzaza ndi timfundo timeneti chimatha kukhala nato toposa 100,000, ndipo kumanga kokhako kumadya miyezi yambirimbiri. Akanyika mu utoto n'kumasula, sasita kuti isalale. Amasiya titumphu take dala kuti chala chimve kuti panadutsa dzanja la munthu. Ku Arimatsu, mudzi womwe unayamba mu 1608 ndipo lero ndi mbali ya mzinda wa Nagoya, akupangabe shibori pa nsalu za thonje mpaka lero.

Boma la Japan lenilenilo limaiwerengera ntchitoyi ngati luso: kuyambira 1955 limasankha amisiri ena n'kuwalemekeza monga chuma chamoyo cha dziko, ndipo Serizawa Keisuke, katswiri wonyika nsalu pogwiritsa ntchito mapepala obooledwa, anasankhidwa mu 1956.

Komatu si kimono iliyonse yomwe ili luso. Zambiri zogulitsidwa masiku ano n'zodindidwa ndi makina, ndipo zina amazidinda mpaka ndi kamzere koyera kabodza. Ndiye mukaona chithunzi cha kimono pa Facebook, chikulitseni. Kamzere ka dzanja kamanenepa pena n'kuonda pena, timadontho ta kanoko sitifanana ndendende, ndipo nsalu yake imaoneka yamatumphu. Myuziyamu ya Victoria and Albert ku London, yomwe inachititsa chionetsero cha kimono mu 2020, ili ndi zithunzi zambiri pa intaneti zoti mungayesere diso lanu. Yambani ndi misoko ya kumsana ndi ya m'manja, muone ngati nthambi zikukumana.